Keke Yosavala: Mmene Bekale Yabwino Imadziwikira

Pa madyerero a ukwati wa m'tauni, kaya ndi ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Mzuzu, keke imakhala ndi tebulo lakelake kutsogolo, yosanjikizana katatu kapena kasanu, yoyera mbee, maluwa a shuga atayanga m'mbali. Nthawi ikakwana akwati amagwirizana mpeni, kudula, kudyetsana, kenako kukagwada kupereka kwa makolo a mbali zonse ziwiri. Zikatha izi woyendetsa mwambo amalengeza kuti keke ili pamalonda, ndipo tizidutswa tokulungidwa m'mapepala onyezimira timagulidwa ndi ndalama yoposa kutali mtengo wake weniweni. Ambiri sadya pomwepo. Amaponya kachidutswako m'chikwama n'kukadya kunyumba usiku kapena mawa lake. Kakapezeka kouma ngati chitsononkho, kapena kowawa soda, palibe amene amadandaula, chifukwa ndalama ija inali mphatso kwa akwati, ndiponso munthu sanyoza chakudya cha paukwati. Wophika uja samva kanthu. Zimene zimatsala ndi zithunzi, zomwe zimayenda pa Facebook ndi pa WhatsApp, ndipo mkwatibwi wa mwezi wamawa amasankha wophika poona zithunzi zomwezo. Msika wotere umalipira kunja kwa keke, zamkati osazifunsa. Akuluakulu anachenjeza kale za chikomekome cha mkuyu, koma pa nkhani ya makeke chenjezoli timachita ngati sitinalimve.

Mfundo ya nkhani ino ndi yakuti bekale ya makeke ndi zotsekemera zina iyenera kuweruzidwa ndi keke yake yosavala, ija yawamba yopanda icing, yopanda kirimu, yopanda chokoleti pamwamba, ndipo iweruzidwe kawiri, pa masiku awiri otalikirana. Keke yosavala ilibe pobisala. Ufa wa tirigu, shuga, mazira ndi mafuta ndizo zilimo, ndipo chimodzi chikaperewera, kapena wophika akachita ulesi pena pake, lilime limadziwa. Kugula kawiri kumayesa chinthu chovuta kuposa luso, chomwe ndi kusasinthasintha. Aliyense akhoza kuphika keke yabwino tsiku limene zonse zamuyendera. Woyenera ndalama zathu ndi amene keke yake ya Lachiwiri, tsiku la makasitomala ochepa, ikufanana ndi ya Loweruka la kumapeto kwa mwezi, maoda ataunjikana, magetsi atazima kawiri. Keke ina yakale ya Angerezi, pound cake, inatchedwa choncho chifukwa inkafuna paundi imodzi ya batala, paundi ya shuga, paundi ya mazira ndi paundi ya ufa, paundi iliyonse kukhala magalamu 454, ndipo kaphikidwe ka mtunduwu kamapezeka kale m'buku la Hannah Glasse la mu 1747. Dzina la kekeyo palokha ndi muyezo.

Tiyeni tidule keke yotere n'kuiyang'anitsitsa. Mkati mwa keke yophikidwa bwino muli timabowo ting'onoting'ono tofanana, ndipo mukaidinikiza ndi chala imabwerera. Timabowoto ndi mpweya umene unalowa pamene wophika ankapukusa batala ndi shuga mpaka kuyera. Timiyala ta shuga timacheka mafutawo n'kusiyamo timatumba ta mpweya, ndipo baking powder akayamba kutulutsa mpweya wake mu uvuni amangofufumitsa timatumba timene talipo kale. Wophika akathamangira, kupukusa mphindi imodzi m'malo mwa zisanu, keke imatuluka yolemera, yothinana. Mukaona mabowo aataliatali ngati njira za chiswe, dziwani kuti anatakasa kwambiri atathira kale ufa: tirigu ali ndi mapuloteni amene akakumana ndi madzi n'kutakasidwa amapanga ulimbo wotchedwa gluten, wofunika mu buledi koma wolimbitsa keke. Mzere wonyowa pansi, wooneka ngati phala lozizira, umanena za uvuni wosatentha mokwanira kapena madzi ochuluka. Pamwamba potukuka ngati chulu n'kung'ambika ndi umboni wa moto wopitirira, umene unaumitsa khungu mkati musanapse. Pakati pogwera mkati ngati mbale pamaloza baking powder wochuluka, kapena chitseko cha uvuni chotsegulidwa msanga. Zizindikiro zonsezi zovala za keke zimazikwirira. Pogwa amadzazapo kirimu, chulu amachisenga ndi mpeni, youma amaiwaza madzi a shuga, ndipo pachithunzi zonse zimaoneka chimodzimodzi.

Gwero la kusasinthasintha ndi chida chotchipa kwambiri m'bekale monse, sikelo. Kapu imodzi ya ufa ikhoza kulemera magalamu 120 ngati ufawo wasefedwa n'kuthiridwa mopepuka, kapena 150 ngati munthu watunga m'thumba n'kutsendera, ndipo pa keke ya makapu atatu kusiyanaku kukufika magalamu 90, okwanira kusandutsa keke yofewa kukhala sikono. Mazira nawo safanana. La nkhuku yachikuda ndi laling'ono poyerekeza ndi la nkhuku za m'makola a malonda, choncho kunena kuti "mazira anayi" sikunena muyezo. Shuga wofiirira amene makomo ambiri amagula, wa ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ndi wabwino mu tiyi, koma timiyala take n'tatikulu, sitisungunuka msanga, ndipo timasiya timadontho pakhungu la keke. Wophika wodziwa amafuna woyera wosalala, apo ayi amayamba wamupera. Uvuni nawo umanama. Nambala ya pa kabatani ikhoza kunena 180 pamene mkati muli 160 mbali ina ndi 200 mbali inzake, ndipo bekale yosamala imaika choyezera kutentha mkatimo mpaka kudziwa ngodya imene imapsereza.

Apa wina angafunse kuti, nanga agogo athu ankaphika chigumu ndi sikelo? Ankakanya nthochi zakupsa, kuthira ufa wa chimanga ndi soda poyeza ndi dzanja, kuika mumphika, makala pansi, makala pachivindikiro, ndipo chikondamoyo chinkatuluka chokoma. Ndi zoona, ndipo funsoli si lopeputsa. Koma ufa wa chimanga ulibe gluten, ndipo palibe amayembekezera kuti chigumu chikwere n'kupepuka. Ndi chakudya chokhululuka, cholola nthochi kuchuluka lero n'kuchepa mawa. Chinanso, dzanja la agogo linali sikelo ndithu, yowongoledwa ndi zaka zambirimbiri za mphika womwewo, mbale yomweyo ndi nkhuni za mtundu womwewo. Kuipa kwa sikelo ya m'dzanja n'kwakuti siibwerekedwa. Bekale ili ndi antchito atatu kapena khumi, wina akadwala wina amalowa m'malo, ndipo ngati muyezo uli m'manja mwa munthu mmodzi, tsiku limene iye wapita kumaliro makeke nawo amapita kumaliro. Mbiri ya baking powder imaonetsa zomwezi. Alfred Bird, katswiri wa mankhwala wa ku Birmingham, anamupanga mu 1843 chifukwa mkazi wake sankayanjana ndi isiti. Koma mmodzi mwa amene analemera naye kwambiri ndi August Oetker wa ku Bielefeld ku Germany, amene kuyambira mu 1893 ankamugulitsa m'timapaketi toyezedwa kale, kamodzi kokwanira magalamu 500 a ufa. Oetker sanatulukire chinthu chatsopano. Anagulitsa chitsimikizo chakuti keke ya lero ikwera ngati ya dzulo, ndipo kampani ya dzina lake ikadalipo mpaka pano.

Sikelo payokha siikwanira, chifukwa muyezo wolondola kwina ukhoza kukhala wolakwika kuno. Maphikidwe ambiri amene ophika athu amatenga pa intaneti analembedwa ku London kapena m'mizinda ina yotsika, ya m'mphepete mwa nyanja yamchere. Lilongwe ndi Blantyre ali pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, Mzuzu pa mamita oposa 1,200, Dedza pafupifupi 1,600. Pamalo okwera chotere mpweya supanikiza kwambiri, choncho timatumba ta m'keke timafufuma msanga n'kuphulika keke isanalimbe. Madzi nawo amawira asanafike madigiri 100, ku Lilongwe pa 96 kapena 97, kotero keke imauma msanga. Mankhwala ake ndi odziwika: kuchepetsako baking powder ndi shuga, kuonjezerako mkaka kapena dzira, kukwezako moto pang'ono. Wophika wa ku Nsanje, kumene n'kotsika osafika mamita 100, vutoli alibe, koma ali ndi lake. Batala amapukusika bwino ali pa madigiri 18 mpaka 21, ndipo m'chigwa cha Shire mwezi wa Okutobala kutentha kumafika 40, batala n'kusanduka madzi asanagwire mpweya. Kaphikidwe kochokera kwina kamafunika kuyesedwa kambirimbiri mu uvuni wa mwini wake, pamalo pake, m'chilimwe ndi m'nyengo ya chisanu, ndipo bekale imene inadzivutitsa chotere imadziwika chifukwa makeke ake sasintha nyengo ikasintha.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi cha mtengo. Tirigu amene amalimidwa ku Tsangano ndi ku Neno ndi wochepa zedi poyerekeza ndi amene dziko limadya. Wambiri amachokera kunja kudzera m'madoko a ku Mozambique n'kudzagayidwa kuno, ndipo amagulidwa ndi madola. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022 mtengo wa tirigu padziko lonse unakwera. Mu Meyi chaka chomwecho kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Batala wambiri wa m'masitolo ndi wakunja. Koko, amene amapangira chokoleti, anapitirira madola 10,000 pa tani mu 2024, pamene zaka za m'mbuyo mwake ankasewera pakati pa 2,000 ndi 3,000. Wophika angayankhe kuti, mukufuna batala, mazira okwanira ndi chokoleti chenicheni, koma kasitomala akubwera ndi ndalama ya chaka chatha, ndipo ndikakweza mtengo apita kwa mnzanga wa pa WhatsApp. Dandauloli ndi loona, ndipo amene sanagulepo thumba la fulawa asalitsutse msanga.

Komabe palibe akunena kuti keke iliyonse ikhale ya batala. Majarini, amene Mfalansa Hippolyte Mège-Mouriès anatulukira mu 1869 kuti akhale mlowam'malo wotchipa wa batala, amapanga keke yabwino ndithu, ndipo keke ya mafuta ophikira, monga ya karoti kapena ya nthochi, imakhala yofewa masiku ambiri kuposa ya batala. Kusiyana kulipo ndipo kumamveka: batala amasungunuka pa madigiri 32 mpaka 35, pansi pa kutentha kwa thupi la munthu, n'chifukwa chake amathera m'kamwa, pamene mafuta ena olimba ophikira amafuna kutentha koposa 37, n'kusiya phula palilime loti tiyi wotentha yekha ndiye amalichotsa. Koma uku ndi kusiyana kwa mitengo, ndipo wogula ali ndi ufulu wosankha chimene thumba lake lingathe. Mlandu umayamba pamene dzina ndi chinthu zapatukana: keke yotchedwa ya batala ili ya majarini, kirimu wotchedwa wa mkaka ali wa mafuta a zomera, keke ya chokoleti ili ufa wothira mtundu wofiirira. Zinthu zikadula wophika akhoza kukweza mtengo, akhoza kuchepetsa kukula kwa keke, kapena akhoza kuchotsa dzira limodzi mwa anayi n'kuonjezera madzi ndi soda kuti msinkhu usasinthe. Njira ziwiri zoyambazo wogula amaziona ndi maso n'kusankha yekha. Yachitatu ndi imene imachitikira mumdima, ndipo ndi yomwenso keke yosavala imaiulula pa kuluma koyamba, ndi kakomedwe konga ka sopo kumapeto kwa lilime. Ku France nkhani ya dzina inafika pokhala lamulo: kuyambira mu 1998 sitolo siiloledwa kudzitcha boulangerie ngati siikanda, kufufumitsa ndi kuphika buledi wake pamalo pomwepo. Lamulolo sililetsa kugulitsa buledi wa kufakitale. Limangoletsa kumugulitsa pansi pa chikwangwani chonama.

Pali mbali ina ya zamkati imene lilime silingaiyese. Kirimu wa mkaka, kasitadi ndi mazira osapsa ndi munda wachonde wa tizilombo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale panja pa firiji kupitirira maola awiri, ndipo firijiyo izikhala pansi pa madigiri 5. Kachilombo kotchedwa Staphylococcus aureus kamakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa munthu mmodzi pa anayi alionse osamudwalitsa. Kakalowa mu kirimu kuchokera m'manja mwa wokongoletsa n'kupeza kutentha, kamaswana n'kutulutsa poizoni amene moto sumupha, wosanunkha, wosasintha kakomedwe. Odya amayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba pakapita theka la ola mpaka maola asanu ndi atatu, ndipo ngati unali ukwati mlandu umagwera nkhuku kapena saladi, keke osaiganizirako. M'dziko limene magetsi amazimazima nkhaniyi ndi yaikulu. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo madera ambiri ankakhala maola ochuluka opanda magetsi tsiku ndi tsiku. Firiji yagalasi yowala nyali masana siitsimikizira kanthu ngati usiku wonse inali yozima. Bekale imene ilibe jenereta kapena sola yodalirika ili ndi njira yaulemu, yomwe ndi kusiya makeke a kirimu wa mkaka n'kumaphika opirira kutentha: a zipatso zouma, mabisiketi, masikono, ndi a icing wa shuga wambiri, momwe tizilombo sitiswana msanga popeza shuga amamanga madzi.

Firiji yomweyo ili ndi kuipa kwake. Keke kapena buledi akamauma sikuti madzi okha akuthawa. Sitachi ya mu ufa, imene inafewa mu uvuni, imayamba kubwerera n'kulimba, ndipo zimenezi zimachitika msanga m'kuzizira kwa firiji kuposa patebulo. Choncho kirimu amafuna kuzizira pamene keke yakeyo ikudana nako, ndipo njira yokondweretsa zonse ziwiri ndi kuphika zochepa, kawirikawiri, n'kugulitsa tsiku lomwelo. Apa ndi pamene ogulafe timadzinyenga tokha. Timakonda sitolo imene mashelefu ake adzaza mitundu 30 mpaka madzulo, ndipo timanyinyirika tikapeza kuti chimene timafuna chatha 3 koloko. Koma mitundu 30 m'sitolo ya makasitomala ochepa ikutanthauza kuti ina yagonapo masiku anayi, kapena kuti yonse yachokera mu ufa umodzi wosakaniza kale kufakitale, wongosinthidwa mtundu ndi fungo. Shelefu yopanda kanthu madzulo imanena kuti za mawa ziphikidwa mawa. Ku Lisbon kuli sitolo ya Pastéis de Belém imene kuyambira mu 1837 yatchuka ndi chinthu chimodzi, kachitumbuwa ka kasitadi wa mazira, kamene kaphikidwe kake kanachokera kwa amonke a ku Jerónimos nyumba zawo zitatsekedwa mu 1834. Imagulitsa pafupifupi 20,000 pa tsiku, tambiri tikadali tofunda. Amene anafikako ku Tete kapena ku Beira anakaona abale ake a kachitumbuwaka, otchedwa pastel de nata, m'masitolo a zotsekemera a kumeneko. Manja amene amabwereza chinthu chimodzi kochuluka chotere amachidziwa kuposa manja ogawikana pa zinthu 30.

Koma kodi maso sadya? Amadya, ndipo keke ya ukwati ntchito yake ina ndi kuonedwa. Kukongoletsa ndi luso lenileni, lofuna dzanja lokhazikika ndi maola ambiri, ndipo palibe chifukwa cholinyozera. Vuto lake n'lochokera kutali. Mwambo wa keke yaikulu yoyera tinautenga kwa Angerezi, ndipo kwawoko mkati mwake munkakhala keke ya zipatso zouma, shuga wambiri ndi mowa wa brandy, imene imakoma kwambiri ikakhalitsa. Ya Mfumukazi Victoria, pa ukwati wake wa mu Febuluwale 1840, inkalemera pafupifupi makilogalamu 136, ndipo kachidutswa kake kanasungika mpaka kudzagulitsidwa pa okushoni ku London mu 2016. Keke yotere wokongoletsa akhoza kuigwira mlungu wathunthu osaiwononga. Lero ambiri amafuna keke yofewa ya vanila kapena red velvet, imene moyo wake ndi masiku awiri kapena atatu, koma amafunabe zokongoletsa za mlungu wathunthu. Wophika wosaona mtima amaphika Lolemba, kukuta ndi fondant Lachitatu, n'kupereka Loweruka. Woona mtima amaumba maluwa a shuga pasadakhale, popeza iwo sawonongeka, n'kuphika keke yeniyeniyo Lachinayi kapena Lachisanu. Mwinanso amauza akwati poyera kuti nsanjika zapamwamba zikhale zoonetsa chabe, zopangidwa ndi zoyera zopepuka zija zotetezera katundu m'makatoni, ndipo keke yodyedwa iphikidwe padera dzulo lake. Ena amati chimenechi n'chinyengo. Ngati olipira akudziwa, palibe wanamizidwa, ndipo alendo amadya keke yatsopano.

Zonsezi sizisankha pakati pa sitolo ya m'tauni ndi mayi wophikira m'khitchini mwake ku Area 25 kapena ku Chilomoni. Nthawi zambiri wa kunyumba amapambana, chifukwa amaphika pokhapokha alandire oda, ndipo alibe shelefu yosungirapo zakale. Chimene amasowa ndi diso lachilendo. Sitolo imayenderedwa ndi a zaumoyo a khonsolo ya mzinda, ndipo zakudya zopakidwa zimayenera kukwaniritsa miyezo ya Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972. Khitchini ya kunyumba imadalira chikumbumtima cha mwini wake. Chikalata chopachikidwa pakhoma sichiphika keke, koma wogula ali ndi mayeso apafupi, kufunsa kuti muli chiyani. Wophika amene amayeza amayankha mosadodoma, popeza zonse zinadutsa pa sikelo yake. Funsoli si lachibwana. Pali anthu amene mtedza, mazira, mkaka kapena chitowe zimawatupitsa kukhosi mpaka kubanika. Ku Britain, mtsikana wa zaka 15 atamwalira mu 2016 chifukwa cha chitowe chimene sichinalembedwe pa paketi ya buledi amene anagula pa bwalo la ndege la Heathrow, kunabwera lamulo lodziwika kuti Natasha's Law, limene kuyambira mu Okutobala 2021 limakakamiza ogulitsa kulemba zonse zili m'chakudya chimene apakira okha. Kwathu kuno mtedza uli ndi nkhani inanso, ya chuku chimene chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, wowononga chiwindi, amene kutentha kwa uvuni sikumuthetsa. Mtedza wosweka, wofota, wotchipa pamsika ndi umene umagwidwa chuku kwambiri, ndipo ukaperedwa n'kulowa mu bisiketi palibe angauzindikire. Wophika amene amakhala pansi ndi lichero, kusankha mtedza njere imodziimodzi, akugwira ntchito imene siidzaoneka pachithunzi chilichonse.

Otsutsa ena amati kukoma kuli m'kamwa mwa mwini, wina amakonda shuga wambiri, wina pang'ono, ndiye woweruza ndani? Pa kuchuluka kwa shuga akunena zoona, ndiponso shuga sachotsedwa mwachisawawa, chifukwa ndi amene amasunga chinyezi, kufewetsa mkati ndi kufiiritsa khungu. Koma shuga ndiyenso wotchipa kuposa batala ndi mazira, popeza nzimbe zimalimidwa konkuno, ndipo akachuluka amaphimba kusowa kwa zinazo monga mmene tsabola amaphimbira ndiwo zosakoma. Chofunika kumvetsera ndi chimene chatsala m'kamwa kutsekemera kukatha. Keke ya mandimu imveke mandimu, ya khofi imveke khofi, ya batala isiye fungo la mkaka. Pa zimenezi dziko lathu si losauka. Kuli makademiya a ku Thyolo, zinanazi za ku Mulanje, manachesi a ku Mwanza, masitiroberi a paphiri la Zomba, khofi wa ku Misuku, malambe a m'chigwa. Vanila weniweni, wochokera makamaka ku Madagascar, anafika madola 600 pa kilogalamu namondwe Enawo atasakaza minda ya kumeneko mu 2017, ndipo timabotolo tambiri tolembedwa vanila m'masitolo ndi fungo lopangidwa mufakitale. N'zodabwitsa kuona mabekale akulimbana ndi kutsanzira zimene sangakwanitse kugula, mango akuwolera pansi mu Disembala.

Chizindikiro china chimamveka keke isanaphikidwe n'komwe, pa nthawi yopereka oda. Wophika woganiza za chithunzi amafunsa mtundu, kutalika ndi dzina loti alembe pamwamba. Woganiza za mkati amafunsa mpaka kutopetsa: "Mayi, odya alipo angati? Idulidwa nthawi yanji? Kuholoko kuli firiji? Mwambo uli panja kapena m'nyumba? Msewu wake ndi watala?" Akamva kuti keke ya kirimu wa mkaka ichoke ku Blantyre m'mamawa, itsike mapiri a ku Chikwawa pa galimoto yopanda choziziritsa, n'kukadikira mutenti ku Nchalo mpaka 3 koloko masana m'mwezi wa Novembala, amanena poyera kuti imeneyo sapanga, ngakhale akudziwa kuti oda ikhoza kupita kwa wina. Amatchula ina imene ingafike bwino: ya zipatso zouma, yokutidwa ndi fondant, timitengo toimika mkati kuti nsanjika zisatsetsereke, nsanjika iliyonse m'katoni yakeyake, n'kukasanjikiza komweko galimoto itaima.